Tsatirani Zala za Che Bakari

Randburg, Joni
14 Meyi 2023

Okondedwa Amake Jamila,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwinoko, inu pamodzi ndi apongozi anga ndi achimwene anu Che Bakari. Ine kuno ndilipo. Kuzizira kwayamba msanga chaka chino, m'mawa kapinga wa abwana amachita kuyera ngati wina wamwazapo ufa.

Musadabwe kuti ndayamba makalata ngati munthu wakale pamene foni ilipo. Ndikakuimbirani mumangogwira foniyo, ine n'kumamva nkhuku ndi mpweya wanu mpaka mayunitsi kutha. Sindikudandaula iyayi. Ndangoona kuti pepala lili ndi ubwino wake, limadikira. Mukatopa mulipinde, mawa muyambire pamene munalekezera. A Wadson, amene amanyamula katundu wa anthu a kuno pa lole, avomera kumasiya makalata anga ku Liwonde kuti Che Bakari azikatenga.

Ndinamva kuti sadaka ya masiku makumi anayi ya mwana wathu inayenda bwino. Ndikudziwa kuti kwa Mposa anthu akufunsa kuti ndi bambo wanji wosabwera pa maliro a mwana wake mmodzi yekhayo. Muwafotokozere modekha. Masiku a m'pasipoti mwanga anatha kalekale, ndikatuluka andidinda chidindo choti ndisalowenso. Ndiye tidzadya chiyani, mpunga wonse unapita ndi madzi a namondwe wa Freddy? Komanso mtsinje sunatibwezere thupi. Ndikanabwera kudzaima pa manda ati?

Che Bakari akuti simukudya, ndipo kumjigo munasiya kupita chifukwa mukamva madzi akukhuthukira mu ndowa mumagwira makutu n'kukhala pansi. Zimenezi zikundidetsa nkhawa kuposa mpunga. Ndikufuna muchire, Amake Jamila. China chilichonse chibwere pambuyo.

Ndatumiza bulangete, sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za apongozi. Bulangetelo ndi lanu, lisapite kwa wina.

Nanenso tulo sindikulipeza bwino. Mnzanga Ganizani wa ku Ntaja uja, amene tinkagona naye chipinda chimodzi, sali nafenso. Zinachitika mu Febuluwale ku lokeshoni komwe tinkakhala. Ndinasamukako, pano ndikukhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana, pamodzi ndi Kenneth wa ku Balaka amene amayendetsa galimoto lawo. Zambiri ndidzanena tsiku lina.

Mwamuna wanu,
Yasini


2 Julayi 2023

Okondedwa Amake Jamila,

Moni wa Idi, ngakhale wachedwa. Muli bwanji? Apongozi mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino m'thupi.

Yankho lanu sindinalandire, koma palibe kanthu. Lero ndili ndi nkhani, ndipo ndiyambire kumene ndinabisa.

Tsiku lija anthu anabwera masanasana ndi zibonga, akuimba, kufunafuna obwera. Ine ndinalowa pansi pa thebulo la mayi wina wogulitsa tomato, mayiyo n'kugwetsa thumba kuti lindiphimbe. Ganizani anathamanga. Ndinkangoona miyendo ya anthu. Kenako ndinaona tayala likugubuduzidwa, kenako fungo. Ganizani anandiitana dzina langa ali m'motomo, ine sindinatuluke.

Mwezi wathawu abwana ankawotcha nyama panja ndi anzawo. Utsi utandipeza, sindikudziwa chimene chinachitika. Ndinatsitsimuka ndili m'kati mwa maluwa, nditagwira mutu, buluku litanyowa. Kenneth anandiimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ikupsayo ndi nkhosa, si inu iyayi. Tulukani, mwathyola maluwa a adona." Ndinkayesa ntchito yatha. Koma adona ananditengera ku malo ena a mpingo kumene amathandiza obwera, kwa mlangizi wa za maganizo dzina lake Mayi Nelia.

Paja ndinali mphunzitsi, ndiloleni ndifotokoze monga anandifotokozera iwo, koma m'mawu athu. Mutu wa munthu uli ngati chigayo. Zimene taona lero umazigaya n'kuziika m'thumba la zinthu zakale. N'chifukwa chake za dzana timazikumbukira popanda kunjenjemera. Koma chinthu chikaopsa kwambiri chimakakamira pakhosi pa chigayo, chosagayika. Ukamva fungo lake kapena phokoso lake sukumbukira chabe, umakhala uli pomwepo, lero lomwe. Mwaona? Inu ndi ndowa ija, ine ndi utsi. Si misala, si majini. Ndi chimanga chokakamira.

Chithandizo chake amachitchula ndi zilembo zinayi, EMDR. Munthu amakumbukira choopsacho kwinaku maso akutsatira zala za mlangizi, kumanzere, kumanja, ndipo pang'onopang'ono chigayo chimayambanso kuzungulira. Chifukwa chake chenicheni akuti akatswiri akadatsutsana, koma anthu ambiri athandizika.

Kungoti zalazo sindinazionebe. Ulendo uliwonse amangondifunsa za moyo wanga, kundiphunzitsa kupuma, n'kundiuza kuti ndisankhe malo a mtendere oti mtima uzithawirako zikavuta. Ndinasankha bwato la malemu bambo anga pa Chilwa, m'mawa kulibe mphepo. Akuti popanda zimenezi sitingayambe. Ine ndikuona ngati n'kutaya nthawi, koma ndi zaulere, ndiye ndingodikira.

Malata aja anasasuka musagule atsopano, mitengo yakwera. Che Bakari awawongole ndi hamala.

Mwamuna wanu,
Yasini


20 Ogasiti 2023

Okondedwa Amake Jamila,

Asalamu alaikumu. Kaya inu kumeneko? Ine ndili bwino, ndipo nthawi ino ndikunena zoona.

Alhamdulillah, zatheka. Mayi Nelia anandiuza kuti nditenge chithunzi choipitsitsa cha tsiku lija, nditchule mawu amene ndimadzinenera ndikachiona, ndiponso ndiloze pamene thupi likupweteka. Ndinati, "Ndine wamantha, ndinamusiya mnzanga." Anayendetsa zala, ine kutsatira. Anaima n'kunena kuti, "Pumani. Chabwera n'chiyani?" Ndinanena. Iwo anati, "Pitirizani ndi chimenecho." Ndinalira, ndinatuluka thukuta. Pena ankaimitsa zonse n'kundibwezera m'bwato la bambo anga mpaka mtima utakhala pansi. Tinachita zimenezi masabata angapo. Tsiku lina ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: dzanja la mayi wa tomato lija litandikanikiza mutu kuti ndisadzuke. Mawu anasintha okha. Ndinati, "Ndikanatuluka, akanawotcha awiri."

Loweruka lapitali ndine ndinatembenuza nyama ya abwana pamoto. Kenneth sakumvetsa. Akuti, "Ndiye akuchizani ndi zala basi? Kwathu ku Balaka zala zimenezo timaimitsira minibasi."

Tsopano za inu. Ndinawafunsa Mayi Nelia ngati ndingakuphunzitseni pakalata. Anakana. Akuti izi amachita munthu amene anaziphunzira, ndipo mukafunse kuchipatala cha boma za anamwino a matenda a maganizo. Ndinawathokoza. Koma anthu ophunzira amakonda kumanga mpanda pa chilichonse. Ine ndinali m'chipindamo ndipo ndinaona zonse. Mulibe jakisoni, mulibe makina. Zala Che Bakari ali nazo. Nanga muzikafola kuchipatala kuti mudzi wonse uzinena kuti mkazi wa Yasini wapenga?

Alamu, gawo ili ndi lanu. Khalani pamkeka moyang'anana ndi mlongo wanu. Imikani zala ziwiri patsogolo pa nkhope yake, muziyendetse uku ndi uku, mutu wake usagwedezeke, maso okha. Iye agwire m'maganizo nthawi imene ankawoloka mtsinje, madzi ali m'chifuwa, nsalu n'kumasuka, kumsana n'kupepuka. Anene mokweza mawu amene amadziimba nawo mlandu. Ngati akusowa mawu, anene kuti, "Mwana ndinamutaya ndine." Si ine ndikutero iyayi, ndi momwe chithandizocho chimayambira. Mawu abwino adzabwera okha kumapeto, monga anachitira kwa ine.

Za kupuma ndi malo a mtendere tisiye, miyezi yapita kale yambiri. Ndinayesa kukusankhirani malo otero, Amake Jamila, koma kwathu kulikonse kumene ndaganiza kuli madzi.

Ndatumiza nsalu ziwiri zatsopano ndi shuga. Yambani Lachisanu likudzali.

Mwamuna wanu wokukondani,
Yasini


1 Okutobala 2023

Okondedwa Zelifa,

Moni. Ndikhulupirira kutentha sikunakufooketseni. Kuno mitengo ya m'misewu yayamba maluwa, ine ndili bwino.

Mwaona kuti ndakutchulani dzina lanu. Ndaganiza kuti kumangoti Amake Jamila kukuchedwetsa kuchira. Dzina limenelo tiliike m'thumba la zakale.

Che Bakari anandiimbira foni. Akuti tsiku loyamba munakuwa mpaka anthu anatuluka m'nyumba, munasanza, ndipo ulendo wachitatu munathamangira kumtsinje, anakakugwirani ndi amayi a kumjigo. Akuti, "Alamu, izi ine sindingathe, mlongo wanga akundiyang'ana ngati ndine fisi." Ndinamulimbitsa mtima. Chithupsa chimapweteka kwambiri tsiku lophulika. Nanenso ndinalira. Kulakwa kungakhale kulekera panjira. Ndamuuza kuti azitseka chitseko, ndipo muzichita tsiku lililonse akatha mapemphero a swala ya madzulo, osati mwa apo ndi apo.

Koma ndikuona ngati chithunzi chimene mukugwira sichinakwane, ndiye ndikuthandizeni. Mayi Nelia amati munthu apite penipeni pamene pakupweteka. Kwa inu si pakati pa mtsinje. Ndi m'nyumba, madzi atayamba kulowa, pamene munkabereka mwana.

Mukudziwa mmene amayi a kwathu amachitira powoloka madzi ndi khanda. Nsalu imodzi yoberekera, ina yopingasa pamwamba, kudutsa paphewa, mfundo yake pachifuwa. Malemu mayi anga sankawoloka ngakhale khwawa ndi nsalu imodzi. Inu munali ndi nsalu ziwiri zouma. Imodzi munaberekera Jamila. Inayo munakulungira masatifiketi anga n'kuwasenza pamutu. Ndikudziwa kuti ndinkakuuzani nthawi zonse kuti mapepala amenewo asadzanyowe, ndipo ndikuthokoza, anapulumuka. Koma munthu amayeza, Zelifa. Ine ndinkanena za mvula yodontha padenga.

Sindikukuimbani mlandu. Zinalembedwa. Ndikungofuna kuti maso akamatsatira zala, manja anu akhale pa mfundo imeneyo. Mukadutsa pamenepo mwachira. Ndikufuna ndidzapeze mkazi wanga uja ankaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Mbewu ya mpunga mugule msanga isanakwere. Mafuta a nyale ndatumiza kudzera kwa a Wadson.

Mwamuna wanu,
Yasini


19 Novembala 2023

Zelifa,

Asalamu alaikumu. Za thanzi lanu ndamva, ndiye sindifunsa. Ine ndilipo, koma mtima wanga wapwetekedwa.

Apongozi anandiimbira pa foni ya aneba. Moni sanapereke. Anati, "Che Yasini, mwana mwadya kale. Tsopano mukufuna mutu wa mayi ake kuti ma Randi achuluke? Zizimba zanu za ku Joni muzichitira abale anu." Akuti mudzi wonse ukunena kuti ndinakhwima, kuti sing'anga wa kuno anandiuza kuti ndipereke mwana kumadzi, kenako ndipusitse mkazi pomuzungulitsa maso. Akuti Che Bakari ana akumamuthawa panjira, akuluakulu sakumupatsa dzanja.

Tiyeni tiganize ngati anthu. Ine ndimadula kapinga ndi kutola zitosi za agalu. Ndimagona chipinda chimodzi ndi Kenneth amene amaliza mkonono ngati jenereta. Chuma chake chili kuti? Ndinawafotokozera apongozi za chigayo chija bwinobwino, kuyambira pachiyambi. Anadula foni ndisanafike pakati.

Ndamva kuti tsopano munthu aliyense akakweza dzanja mumakuwa. Akuti kumzikiti mayi woyandikana nanu atatukula chala ponena pemphero la shahada munagwa pansi n'kukwawira pakhomo, ndipo kuyambira pamenepo simuswali. Izi zandimvetsa chisoni kwambiri.

Ndinapita kwa Mayi Nelia kukawafunsa pamene tikulakwitsa. Ndinawafotokozera zonse, ndi za chitseko zomwe. Anavula magalasi. Kenako anati, "Yasini, inu ndinakuchitani opaleshoni ndili ndi ulusi wosokera m'manja. Mkazi wanu mwamung'amba tsiku ndi tsiku n'kumusiya choncho. Zilekeke lero. Apite kwa anthu odziwa, ndipo asamasiyidwe yekha pafupi ndi madzi." Anandifunsanso kuti mawu aja anakusankhirani ndani. Ndinaona kuti akwiya, ndiye sindinatalikitse nkhani.

Chabwino, lekani. Che Bakari akuperekezeni kuchipatala, za ulendo ndatumiza. Koma ine ndikaganiza ndikuona kuti vuto linali liwiro. Ndinamufunsa Che Bakari kuti ankayendetsa bwanji zala, akuti ngati akuthamangitsa ntchentche. Sindinanene choncho ine. Kalata ija ilipo, aiwerengenso.

Kapepala kanu a Wadson anandipatsa. Ndinasangalala kuona zolemba zanu koyamba chichokereni kumudzi. Mwalemba kuti, "Mwana ndinamutaya ndine. Ndaloweza, aphunzitsi." Zelifa, cholinga sichinali kuloweza. Amenewo anali mawu oyambira chabe. Zikuoneka kuti simunamvetse, mwina sindinafotokoze mokwanira.

Yasini


21 Januwale 2024

Alamu anga Che Bakari,

Moni wa chaka chatsopano. Ndikhulupirira inu ndi ana muli bwino, ndiponso kuti mvula yakhazikika. Ine ndili bwino.

Ndikulembera inu chifukwa mwati makalata anga simukumupatsanso Zelifa. Akuti akangoona envelopu amayamba kunjenjemera. Chabwino, ndimvera, ngakhale sindikuona kuti pepala lingamutani munthu.

Mwachita bwino kumupititsa ku Balaka kwa azakhali ake. Kumeneko n'kouma, ndipo kuchipatala n'kufupi. Mwati namwino amene akumuona akuti zitenga nthawi yaitali, ndipo pakali pano akungomuphunzitsa kupuma ndi kugona. Ndi zomwe zija ndinayamba nazo ine. Mwina apeza malo a mtendere ku Balaka, ine ndinalephera kumupezera.

Zoti akumabereka pilo ndi nsalu ziwiri zija ndinatumiza, ina yopingasa, n'kumayenda naye pamsika, Kenneth anamva kale kwa mkazi wake. Anandiuza tikudya. Sanaseke, n'zimene zinandipweteka. Anangoti, "Aphunzitsi, kodi inu simupita?" Ndinamukumbutsa za pasipoti. Anati, "Anthu amadutsa pa Mwanza opanda ndi nsapato zomwe." Kuyambira tsiku limenelo sakundilankhula bwino. Zovala ndi chakudya akundithandiza ndi mayi wina wa ku Zomba, Thokozire, amene amagwira ntchito nyumba yoyandikana nafe. Ndi munthu womvetsa zinthu ukamufotokozera.

Munandifunsa pa foni kuti, "Alamu, inu mumagona tulo?" Ndikudziwa chimene munkatanthauza. Inde, ndimagona. Sindichita manyazi ndi kuchira kwanga.

Mpunga wa m'dimba lake mulime inu, mudzagawane ndi apongozi.

Mlamu wanu,
Yasini


24 Malichi 2024

Che Bakari,

Asalamu alaikumu, Ramadhani yabwino. Ndikhulupirira mukusala ndi mphamvu. Ine ndili bwino kwambiri.

M'envelopu yaing'onoyo muli talaka, kalata yothetsa ukwati wathu. Ndinalemba pamaso pa Shehe wa kuno ndi mboni. Mukapereke kwa atsibweni ake, asankhe okha tsiku lomuuza. Nyumba ili pamudzi panu, ikhale yake pamodzi ndi malata, bedi ndi bulangete. Sindikufuna kanthu. Ndaganiza mofatsa, ndaona kuti ngati dzina langa lokha limamudwalitsa, kumumasula ndiye chifundo.

Musaganize kuti zinali zopepuka. Chaka chitakwana cha Jamila, nkhope ya Zelifa inkandibwerera nditagwira fosholo, ali ndi pilo uja kumsana. Pachifuwa pankalemera. Kwa Mayi Nelia sindinabwerereko, sitinasiyane bwino. Koma pa kapinga wa abwana pali kampopi kothirira kamene kamaponya madzi uku ndi uku. Ndinakhala pansi pa mtengo, ndinagwira chithunzicho m'maganizo, maso n'kumatsatira madziwo, kumanzere, kumanja. Ndinachita masana angapo. Mayi aja ankati chithandizochi chimachotsa mantha, sichichotsa chisoni kapena chikondi. Apa analakwitsa pang'ono. Dzulo ndinaganiza za mlongo wanu dala, kuti ndidziyese. Sindinamve kalikonse. Ndiye muwauze apongozi kuti si ufiti, chimagwiradi ntchito munthu akatsata bwino.

Pomaliza, pempho limodzi. Thokozire wandipezera mwayi pa sukulu ya mkaka ya mpingo wawo, akufuna munthu woti aziphunzitsa ana a obwera. Akufuna aone masatifiketi. Ali m'sutikesi yobiriwira pansi pa bedi. A Wadson adutsa pa Liwonde ikatha Idi. Lole yawo imadontha, ndiye chonde muwakulunge bwino. Nsalu imodzi sikwana, muikepo ziwiri.

Ine,
Yasini